Ufa wa Kokonati: Malo Ake Ali M'chigumu, Osati M'buledi

Mlendo amene wagona m'mudzi wa kufupi ndi Quelimane, m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, sachedwa kuzolowera phokoso lina la m'khitchini lomwe kumtunda silimveka kawirikawiri. Ndi phokoso la mayi amene wakhala pa kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo kwake, akupala kokonati. Kugombe la Tanzania kampando kameneka amakatcha mbuzi, ngakhale kuti sikalira kapena kudya msipu. Mayiyo akamaliza kupala amathira madzi ofunda n'kufinya, ndipo pamatuluka mkaka woyera umene umakometsa matapa, ndiwo ya masamba a chinangwa, kapena nkhuku yootcha imene chigawochi chimatchuka nayo. Zimene zatsala m'manja mwake, zoyera ndi zopepuka ngati gaga, amazikhuthulira nkhuku ndi nkhumba, mwinanso kudzala.

Tsiku lomwelo, m'sitolo yaikulu ku Johannesburg kapena ku London, munthu wina akugula kapaketi ka ufa wa kokonati wochokera ku Philippines kapena ku Sri Lanka pa mtengo woposa wa ufa wa tirigu kangapo konse. M'kapaketimo muli zotsalira zomwe zija, kungoti zaumitsidwa mwaukhondo, zachotsedwa mafuta ena ndi kuperedwa mpaka kusalala. Anthu a ku Philippines, amene pamodzi ndi a ku Indonesia ndi India amatsogola pa ulimi wa kokonati padziko lonse, zotsalirazi amazitcha sapal, ndipo nawonso kwa zaka zambiri ankadyetsera ziweto. Zinthu zinasintha pamene akatswiri a kumeneko anayamba kuzifufuza ngati chakudya cha anthu. M'chaka cha 2003, gulu lotsogozedwa ndi Trinidad P. Trinidad linafalitsa zotsatira zoonetsa kuti zophikaphika zikamachulukiramo ufa wa kokonati, shuga wa m'magazi a wodyayo sakwera mofulumira. Koma chimene chinakweza kwambiri msika wa ufawu n'chakuti ulibe gluten.

Mawu amenewa afala kwambiri pa mapaketi a zakudya, ndipo alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi ayamba kufunsidwa tanthauzo lake. Gluten ndi mtundu wa zomanga thupi umene umapezeka m'tirigu, m'balere ndi m'mbewu ina yotchedwa rye. Ndiye amene amachititsa kuti ufa wa tirigu ukakandidwa ndi madzi uzitamuka ngati mpira. Yisiti akatulutsa mpweya, gluten amaugwira ngati ukonde, motero buledi amafufuma ndi kukhala wofewa. Kwa anthu ochuluka gluten ndi chakudya basi, savulaza. Koma pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse padziko lapansi ali ndi matenda a coeliac. Munthu wotere akadya gluten, chitetezo cha m'thupi mwake chimaukira matumbo ake aang'ono ndi kuwononga tizala ting'onoting'ono timene timayamwa chakudya. Amadya, koma thupi silipindula. Mwana amatsekula m'mimba pafupipafupi, mimba imatupa, magazi amachepa ndipo amapinimbira.

Amene anatsimikizira kuti gwero la vutoli ndi tirigu anali dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem-Karel Dicke. Pa njala yoopsa imene inagwa m'dzikolo m'nyengo yozizira ya 1944 ndi 1945, buledi anasowa, ndipo ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino pamene anzawo ankawonda. Buledi atabwerera, matenda nawo anabwerera. Dicke analemba zimene anapeza m'chaka cha 1950. Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti awa ndi matenda a azungu okha, mpaka pamene dokotala wa ku Italy, Carlo Catassi, ndi anzake anafalitsa mu 1999 zotsatira za ana a mtundu wa Saharawi okhala m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria. Ana oposa asanu mwa 100 alionse anapezeka ndi matendawa, chiwerengero chokwera kuposa cha maiko a ku Ulaya. Chakudya chachikulu m'misasamo chinali ufa wa tirigu wa chithandizo. Aliyense wogwira ntchito yogawa chakudya ayenera kuikumbukira nkhani imeneyi.

M'zipatala za kum'mwera kwa chipululu cha Sahara matendawa sapezeka kawirikawiri. Mwa zina n'chifukwa chakuti chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi chimanga, mapira, mawere, mpunga ndi chinangwa, zomwe zilibe gluten. Mwa zinanso n'chifukwa chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi za njoka za m'mimba kapena kunyentchera wamba, ndipo zipatala zing'onozing'ono sizikhala ndi zipangizo zoyezera. Koma m'matauni ana ambiri akukulira buledi, mandasi, masikono ndi mabisiketi. Mlangizi akaona mwana amene wapatsidwa mankhwala a njoka ndi chakudya chokwanira koma sakusintha, ndi bwino kumutumiza kuchipatala chachikulu. Asafulumire kuuza makolo kuti amusiyitse tirigu, pakuti munthu akasiya tirigu asanayezedwe, zotsatira za kuyeza zimatha kuonetsa ngati alibe vuto pamene ali nalo. Kwa anthu ambiri amene alibe matendawa, kusiya gluten sikuwonjezera thanzi lililonse, ngakhale otsatsa malonda atanena mokoma chotani.

Tsono amene wauzidwa ndi dokotala kuti asiye tirigu, kapena mayi amene mtengo wa tirigu wamukwana chikwerere chake mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, amatenga ufa wa kokonati n'kulowa nawo m'khitchini. Pafupifupi aliyense amalakwitsa mofanana tsiku loyamba. Amayesa makapu awiri a ufa wa kokonati pamene pamafunika makapu awiri a tirigu, n'kuthira mkaka monga mwa masiku onse. Asanamalize kutakasa, mkaka wonse wamwedwa ndipo m'mbale mwatsala zinthu zonga utuchi wonyowa. Amawonjeza madzi, nawonso amamwedwa. Akaika mu uvuni, chotulukamo chimapserera kunja, m'kati chili chonyowa, ndipo pochidula chimangonyenyeka. Ufa wodula uja umathera kwa nkhuku zomwe zija.

Vuto silikhala la wophika ayi. Ufa wa kokonati si ufa wa mbewu, ndi mnofu wa chipatso. Ufa wa tirigu ndi wa chimanga mbali yake yaikulu ndi sitachi, pamene wa kokonati gawo loposa limodzi mwa magawo atatu ndi tiulusi tosagayika m'mimba, tofanana ndi timene timapezeka m'gaga. Tiulusi timeneti timamwa madzi ngati siponji, ndipo sitimwa nthawi imodzi. N'chifukwa chake ophika odziwa amathira kotala ya kapu ya ufa wa kokonati pamene pakanalowa kapu yathunthu ya tirigu, ndipo akasakaniza amadikira mphindi zisanu kapena khumi asanaweruze ngati phalalo lalimba kapena lamadzi. Amene wathira ufa wina chifukwa choona ngati phala lachita madzi pa mphindi yoyamba amanong'oneza bondo pa mphindi yachisanu. Kukanda sikuthandiza kanthu, chifukwa mulibe chotamuka. Yisiti nayenso ntchito yake imapita pachabe, popeza palibe ukonde wogwira mpweya wake. Chofufumitsa choyenera ndi soda, pamodzi ndi chinthu chowawasa ngati chambiko kapena madzi a mandimu.

Ndiye n'chiyani chimagwirizanitsa ufawo kuti usanyenyeke? Mazira. M'mabuku ophikira a kunja muyeso wodziwika ndi dzira limodzi pa kotala ya kapu iliyonse, ndipo ena amafika mazira asanu ndi limodzi pa kapu imodzi. Apa ndi pamene nkhani ya ufa wa kokonati imakumana ndi thumba la munthu wa kumudzi. Mabuku amenewo amalembedwera anthu amene dzira sililiwerengera. Mayi wogulitsa zophikaphika pasukulu kapena pamsika wa pamphambano, amene phindu lake pa mandasi amodzi ndi lochepa kale, sangathyole mazira asanu ndi limodzi pa keke imodzi n'kuyembekezera kubweza ndalama yake. Ngakhale ufawo ataupeza ulere kuseri kwa khitchini, mtengo weniweni uli m'khola la nkhuku. Gulu la amayi limene likulingalira zoyamba bizinesi ya zophika za kokonati liyenera kuwerengera mazira lisanawerengere china chilichonse.

Komatu pali chinthu china chimene mabuku a kunja sachidziwa. Anthu a chigawo chino akhala akuphika popanda gluten kuyambira kale, dzinalo asanalimve n'komwe. Chigumu, chimene ena amati chikondamoyo, chimaphikidwa ndi mgaiwa, nthochi zakupsa, soda ndi shuga pang'ono. Zitumbuwa ndi nthochi ndi ufa wa chimanga zokazinga m'mafuta. Kugombe la Aswahili kuli vitumbua, dzina lake likuchita kuonekeratu kuti ndi pachibale, zomwe zimaphikidwa ndi ufa wa mpunga ndi mkaka wa kokonati. M'zakudya zonsezi, bola wophika asanathiremo tirigu monga ena amachitira masiku ano, ntchito yogwirizanitsa ufa imagwiridwa ndi nthochi yosinja ndi sitachi amene amamata akapsa. Ufa wa kokonati ukalowa m'gulu limeneli safunanso mazira ambiri, chifukwa wapeza anzake omugwira dzanja. Iye amabweretsa fungo lokoma, kutsekemera pang'ono, mafuta ndi zomanga thupi zoposa za m'chimanga.

Chigumu chotere sichivuta. Wophika asinje nthochi zinayi zakupsa kwambiri, zija zachita madontho akuda, n'kuthyoleramo dzira limodzi, masupuni aakulu awiri a mafuta ophikira ndi kapu imodzi ya chambiko. M'mbale ina asakanize makapu awiri a mgaiwa, theka la kapu ya ufa wa kokonati, supuni yaing'ono imodzi ya soda, mchere pang'ono ndi shuga monga akufunira. Akaphatikiza zonse adikire mphindi khumi. Phala likalimba moti silikugwa pa mthiko, awonjezere chambiko kapena madzi pang'onopang'ono. Mu uvuni wa magetsi kutentha kukhale madigiri 175 mpaka 180 kwa mphindi pafupifupi 45. Wophikira m'poto pambaula, woika makala pa chivindikiro, achepetse makala a pamwamba kusiyana ndi mmene amachitira masiku onse, chifukwa kokonati amafiira msanga ndipo amanamiza wophika kuti zapsa. Kamtengo koyera kakalowa pakati n'kutuluka kouma, chigumu chapsa, koma chisadulidwe chikadali chotentha. Chimagwirana pamene chikuzizira.

Banja limene lili ndi nkhuku zoikira likhoza kusiya mgaiwa n'kuphika ndi kokonati yekha: nthochi zitatu, mazira atatu kapena anayi, theka la kapu ya ufa ndi theka la supuni yaing'ono ya soda. Ufa wa chinangwa nawo umagwirizana bwino ndi wa kokonati, chifukwa umanda pamene wa kokonati umauma, choncho china chimakonza chinzake. Chofunika n'chakuti chinangwa chowawa chikhale chokonzedwa mokwanira kuti poizoni wake achoke. Kwa ophika mandasi ndi masikono amene cholinga chawo n'kungosunga tirigu, gawo limodzi mwa magawo khumi a ufa likhoza kukhala la kokonati popanda kusintha kwenikweni kafufumidwe, bola madzi awonjezedwe. Koma mandasi otere akadali ndi gluten, ndipo wodwala matenda a coeliac asawayandikire.

Pa tiulusi tija pali chenjezo kwa oyang'anira malo odyetserako ana. Kwa munthu wamkulu tiulusiti timathandiza m'mimba kuyenda bwino, ndipo wodwala matenda a shuga angapindule nato, ngakhale kuti si mankhwala. Mwana wamng'ono ali ndi kamimba kochepa, ndipo chakudya chodzaza ndi tiulusi chimamukhutitsa asanalandire mphamvu zokwanira. M'phala la mwana wonyentchera nsinjiro ndi soya zikadali patsogolo. Ngakhale wamkulu amene wayamba kumene kudya ufawu ayambe ndi pang'ono ndi kumwa madzi okwanira, apo ayi mimba imadzaza mpweya.

Kupanga ufawu pakhomo n'kotheka, koma ndi mpikisano ndi nthawi. Zotsalira za kokonati zimakhala zonyowa, zamafuta ndi zotsekemera, ndipo m'nyengo yotentha ya kugombe zimayamba kusasa m'maola ochepa. Ziyenera kufinyidwa kawiri kapena katatu ndi madzi owiritsa, m'kansalu koyera, kuti mafuta ambiri achoke, kenako kuyalidwa mopyapyala nthawi yomweyo. Payalidwe pathandala lokwera, osati pansi, ndipo paphimbidwe ndi neti yoteteza ku ntchentche ndi fumbi. Tsiku la mitambo ndi bwino kuumitsira mu uvuni wofunda chabe kapena m'chiwaya pa moto wochepa kwambiri, uku akutakasa, osalola kuti zifiire. Zikauma moti zikuchita kulira pozifikisa m'manja, zisinjidwe mumtondo ndi kusefedwa. Kuchigayo zingathe kumata pa sefa chifukwa cha mafuta, ndipo mwini chigayo sangakondwere nazo. Kokonati mmodzi kawirikawiri sadzadza kapu ya ufa, choncho mabanja angapo kapena ophika m'malo odyera akamasonkhanitsa zotsalira zawo ndi pamene ntchitoyi imaoneka phindu.

Ufa wa pakhomo umakhala wokhakhala ndi wamafuta kuposa wa kufakitale, kumene amafinya ndi makina amphamvu. Sumwa madzi ambiri ngati wogula, motero wophika ayambe ndi madzi ochepa. Suchedwanso kuchita fungo la mafuta ovunda. Usungidwe m'botolo louma lotseka bwino, pamalo ozizira ndi amdima, ndipo upangidwe wongokwanira masabata ochepa. Pali chiyeso china chofunika kuchikana: kupera kopra, kokonati uja amaumitsa padzuwa kapena pautsi kuti akagulitsidwe kwa oyenga mafuta. Kopra amauma masiku angapo pamtetete ndipo amagwidwa kawirikawiri ndi chuku chotulutsa poizoni wa aflatoxin, yemwe alimi a mtedza amamudziwa bwino. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi ndipo safa ndi moto wa mu uvuni. Ufa wodya anthu uchokere ku kokonati wosweka tsiku lomwelo.

Zonsezi zikudalira kuti mitengo ikhalepo. Zambézia inali ndi minda ya kokonati imene inkawerengedwa pakati pa ikuluikulu padziko lonse, yolimidwa ndi makampani monga Madal ndi Boror pamodzi ndi mabanja miyandamiyanda. Kenako matenda ofiiritsa masamba, amene pa Chipwitikizi amati amarelecimento letal, anafalikira. Zipatso zimayoyoka zisanakhwime, masamba amasanduka achikasu, nsonga imagwa, ndipo m'miyezi yochepa pamatsala thunthu lokha ngati mzati wa magetsi. M'mathunthu owolawo mumaswana zikumbu za nyanga zimene zimakaboola nsonga za mbande zatsopano. Pakati pa 2008 ndi 2013, ntchito yothandizidwa ndi bungwe la ku America la Millennium Challenge Corporation inadula ndi kuwotcha mitengo yodwala ndi kugawa mbande ku Zambézia ndi ku Nampula. Koma kokonati wamtali amatenga zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo asanabereke. Pamene zipatso zachepa chotere, kutaya gawo la chipatso chilichonse kwa nkhumba kumapweteka kuposa kale. Mlimi wa ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, kumene kokonati sabereka ndipo amafika pagalimoto ali wodula, asadzivute ndi ufawu. Mapira, mawere ndi chinangwa chake zimamuphikira chigumu chopanda gluten pa mtengo wotsika.

Gulu limene lafika pofuna kugulitsa ufa wake m'tauni lidzakopeka kulemba pa paketi kuti mulibe gluten, chifukwa mawu amenewo ndi amene amakweza mtengo. Muyeso wa Codex Alimentarius, womwe unakonzedwanso mu 2008, umati chakudya chotchedwa chopanda gluten chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Kunena mwachidule, supuni yaing'ono imodzi ya ufa wa tirigu ndi yokwanira kudutsitsa muyesowo m'makilogalamu 10 a ufa wa kokonati. Sefa imene m'mawa inasefa ufa wa mandasi, mthiko wokhala ndi ming'alu, thumba limene munali tirigu, mafuta amene anakazingira mandasi, ngakhale fumbi la ufa louluka m'khitchini, zonsezi zimasamutsa gluten. Wogula wamba sangazindikire kanthu, koma mwana wodwala matenda a coeliac adzadwala, ndipo makolo ake adzakhala atalipira mtengo wokwera pokhulupirira mawu a pa paketi. Gulu lotere likhale ndi sefa, mtondo, mabeseni ndi chipinda zimene tirigu safikako, ndipo litumize ufa wake kukayezedwa ku bungwe loona za miyeso ya katundu m'dziko lake. Zotsatira zisanabwere, pa paketi palembedwe kuti ndi ufa wa kokonati, dzina la gulu, kulemera kwake ndi tsiku limene unaperedwa.